Makina Amene Amuna Anga Sankamaliza Kugula

1

Ndine telala wopuma, ndipo nkhani zozungulira sindigwirizana nazo. Choncho ndinene poyamba pomwe: ndinatukwana mayi wosalakwa pamaso pa anzake a kuntchito, ndili ndi imvi mutu wonse. Mmene zinafikira pamenepo ndi zomwe ndikufuna mumve.

Amuna anga anali kalaliki ku kampani ya mabasi, munthu wa tayi ndi cholembera, woti babu likapsa m'nyumba amaitana ine. Anzawo amawatcha a Mlongoti chifukwa cha kutalika. Atapuma ntchito anayamba kundisowetsa mtendere. Ndikalowa kukhitchini, ali kumbuyo kwanga. Ndikayanika zovala, akundiuza kuti chingwe chakhota.

Tsiku lina m'mawa anabwera ndi foni, magalasi ali pamphuno.

"Mayi, taonani chimene wina waika pa gulu lathu la opuma ntchito."

Ndinaona chitsulo chachitali chobiriwira, cha miyendo iwiri, penti atakanganuka.

"Chimenechi n'chiyani?"

"Makina osemera. Umamanga mtengo uku ndi uku, mota n'kumauzunguza, iwe n'kumapala ndi tchizulo. Umatulutsa miyendo ya tebulo, mbale, zogwirira za makabati. Awa ndi akalekale, a chitsulo chenicheni. Akugulitsidwa."

"Ndiye inu mukufuna mutani nawo? Munthu woti msomali mumakhoma chopindika?"

"Ndiphunzira. Kungotayitsa nthawi basi."

Maso awo sankachoka pa chithunzicho. Ndinaona, koma ndinati ndi ukalamba.

"Kaguleni," ndinatero. "Bola muchoke kukhitchini kwanga."

2

Kugula chinthu chogwiritsidwa kale ntchito sikuvuta. Umapita, umachiyatsa, umamvetsera kulira kwake, ukakhutira umanyamula. Makina anga osokera ndinagula choncho, tsiku limodzi, ndipo anaphunzitsa ana onse sukulu.

Amuna anga anapita kukaona makina aja n'kubwera chimanjamanja.

"Lamba wake ndi wotha," anatero.

"Lamba amagulitsa ku hadiweya."

"Ndikaonenso kaye."

Anapitanso. Ulendo uno mota akuti inkalira ngati ili ndi chifuwa. Ulendo wotsatira ankakayikira kuti mwina msana wa makinawo ndi wokhota. Wina wotsatira anapeza dzimbiri pansi. Mwezi unatha munthu akugula chinthu chimodzi.

Ndinayamba kuona zina. Popita kukaona dzimbiri ankavala shati yoyera, yosita okha. Ankameta ndevu. Tsiku lina ndinawaona pa zenera akuima kwa mayi wogulitsa zipatso pakona, n'kugula malalanje jumbo yodzaza. Malalanje amenewo m'nyumba mwanga sanalowe.

Kenako, ndikuchapa, ndinapisa m'thumba la shati ija. Munali utuchi pang'ono, ndi mphete yawo ya ukwati.

Mphete imeneyo sanaivulepo chikwatirane. Ngakhale pamene ankawachita opaleshoni ya chophukacho anakangana ndi anesi mpaka anangoimata ndi pulasitala. Lero inali m'thumba ngati chenji.

Ndinaiika pa sosala, n'kuwapatsa pamodzi ndi tiyi.

"Shuga wanu ndi ameneyo."

Anayang'ana chala chawo, kenako ine. "Chala chinatupa, mayi."

"Chinatupa. Nanga wogulitsa makinayu ndi ndani?"

"Mphunzitsi wina."

"Wamwamuna?"

"Amaphunzitsa masamu."

"Sindinafunse zimene amaphunzitsa."

Anatakasa tiyi nthawi yaitali, muli mopanda shuga. "Ndi mayi wina wake."

Sindinakuwe. Ndinangotenga sosala yanga n'kukaitsuka.

3

Keyala ndinaipeza pansi pa chithunzi chija m'foni, amuna anga ali kubafa. M'mawa mwake ndinati ndikupita kukagula ulusi, n'kukwera basi.

Zinali nyumba za aphunzitsi, zondandana kuseri kwa sukulu, zitseko zonse za penti imodzi. Ndinafika nthawi ya nkhomaliro, anthu ali m'makonde. Amene ananditsegulira anali mayi wamtali, wa zaka za m'ma fote, choko chili pa mkono wa bulauzi. Osati wokongola moti n'kugwetsa munthu panjinga, koma wooneka bwino. M'nyumba munali makatoni okhaokha.

"Ndabwera za makina aja," ndinatero. "Ndikufuna ndigulire mwana wanga."

"Pepani amayi, alipo kale amene akuwafuna."

"Analipira?"

"Ayi. Ndi bambo ena achikulire. Amabwerabwera, koma sakumaliza. Ine andisamutsira ku sukulu ina kutali, ndipo makina amenewa sindingapite nawonso. Ndatopa kuwanyamula."

"Ndiye bwanji osagulitsa kwa ine?"

Anayang'ana kumbali. "Ndikuwadikira iwowo."

"Amabwera kudzatani kawirikawiri chonchi?"

"Amaona makina. Nthawi zina amakhala pakhonde n'kumandifunsa za moyo wanga, kumene ndinakulira, ngati ndinavutika. Dzana anabwera ndi malalanje." Anamwetulira pang'ono, kumwetulira kumene sindinakumvetse.

Pa malalanje paja mutu wanga unaima.

Sindibwereza zonse zimene ndinanena, chifukwa magazini ino imawerengedwanso ndi ana. Ndinatuluka pabwalo kuti onse amve. Ndinati aphunzitsi ena amaphunzitsa ana masana, amuna a eni ake madzulo. Ndinati ngati akufuna nkhalamba ya penshoni apite akafune yake. Ndinafunsa ngati masamu amene amaphunzitsa ndi ochotsera mphete pa zala za anthu. M'makonde monse anthu anasiya mbale. A hedi anatulukira pa zenera, supuni ili m'manja.

Mayiyo anangoima pakhomo, manja atapinda. Nditatha mpweya anati:

"Mwamaliza, amayi?"

Kenako anapitiriza:

"Ndinu akazi awo, eti? Mphete amavula chifukwa makina aja akakola mphete amazula chala chonse. Anandiuza ndi iwo omwe. Bwerani nawo Loweruka. Agule, apo ayi ndiitana a zitsulo zakutha adzaphwanye ndi hamala."

Anatseka chitseko bwinobwino, osamenyetsa.

M'basi manyazi anayamba kundigwira, koma sanandigwire okha. Panali funso limene linkandikanda. Kalaliki woti sadziwa kusintha babu, za mphete ndi makina anazidziwira kuti?

4

Loweruka nditavala nsapato, amuna anga anadabwa.

"Mukupita kuti?"

"Kumene mukupita inu. Lero tigula."

Njira yonse ankapukuta thukuta, kunja kukuzizira.

Makinawo anali mu kashedi ka malata kuseri kwa nyumba, atafunditsidwa lona. Mphunzitsi uja anatipatsa moni ngati sitinaonanepo, n'kuvundukula. Pafupi chinali chinthu chaulemu ndithu, cholemera ngati ng'ombe, chonunkha girizi wakale. Miyendo yake inali itakhazikidwa pa zipika ziwiri zakuda, zomangidwa ndi mabawuti. Pambali panali thabwa lokhuthala.

"Thabwali ndi la chiyani?" ndinafunsa.

"Malume anga ankaimapo," anatero mphunzitsiyo. "Ndi amene ankawagwiritsa ntchito, n'kumagawana phindu ndi amayi. Anali aafupi. Mwini wake woyamba anakweza makinawa pa zipikazi kuti mtengo uzizungulira pa chigongono chake penipeni. Akuti amisiri amatero, kuti msana usapweteke."

Amuna anga anali ataima pafupi, osaponda thabwa. Ndinayang'ana nsonga yogwira mtengo, ndinayang'ana chigongono chawo. Ine tepi sindiifuna kuti ndidziwe kuti zinthu ziwiri zalingana.

"Semani tione," ndinatero.

"Mayi, lamba uja..."

"Lamba, lamba! Mwezi wonse lamba. Chinthu sitigula osayesa. Mangani mtengo."

Anavula mphete n'kundipatsa, osandiyang'ana. Anamanga chidutswa cha mtengo. Kenako anafuna kusendeza chitsulo chotsamiritsapo tchizulo, koma bawuti yake inali gwa.

"Pulayala ili apo," anatero mphunzitsi. "Monga mwa masiku onse."

Koma amuna anga anali atasokonezeka. Mkazi kuno, mayi uja uko, thukuta likulowa m'maso. Dzanja lawo silinapite ku pulayala. Linatsika lokha, n'kulowa m'mphako ya mwendo wa makinawo kuchokera pansi, mpaka mkono wonse, iwo maso ali pa bawuti. Linatuluka ndi kasipanala kakuda, ka kamwa ya makona anayi, kali ndi kawaya kokolekera. Anakalowetsa pa bawuti. Kanakwana kuti khatha.

Mphunzitsi analoza kasipanala kaja.

"Sipanala imeneyo," anatero mphunzitsi pang'onopang'ono, "malume anaifunafuna mpaka kumwalira. Makina awa tasamuka nawo nyumba zambirimbiri. Palibe anadziwa kuti ili m'menemo."

"Ndangoganiza," amuna anga anatero. "Makina akale ambiri..."

"Yatsani," ndinatero.

Anayatsa. Mota sinalire ngati ya chifuwa. Inalira bwino kuposa ine. Anagwira tchizulo, n'kutsamiritsa chogwirira pa chiuno, ndipo thupi lonse linayamba kuyenda nayo pamodzi. Mtengo unayamba kutulutsa timizere tatitali topotana, togwera pa nsapato zawo. Ndaphunzitsa atsikana ambiri kusoka. Wophunzira amalimbana ndi makina. Awa sankalimbana nawo. Ankacheza nawo ngati mnzawo amene anasiyana kale.

Mphunzitsi anasendera pafupi kuti aone. Anaima moyandikana, onse atandifulatira.

Telala amadziwa anthu chakumbuyo, chifukwa ndi kumene timayambira kuyeza. Amuna anga phewa lakumanzere ndi lotsika pang'ono, moti majekete awo onse ndinkaika kansalu kowonjezera mbali imeneyo. Mwana wathu wamwamuna ndi chimodzimodzi. Ndinayang'ana msana wa mayi uja. Khosi lalitali lomwelo. Phewa lakumanzere lotsika chimodzimodzi.

Ndinakhala pa katoni.

"Zimitsani," ndinatero. "Tiyeni kunyumba."

5

Titalowa m'nyumba dzuwa lidakali pamutu, sindinavule n'komwe nsapato.

"Khalani pansi. Uja ndi mwana wanu."

Sanakane. Anakhala pa mpando, munthu wamtali uja n'kuoneka ngati wapindidwa pakati.

Ananena zonse, mawu akudukaduka. Asanakhale kalaliki anali mmisiri wosema. Makina aja anali awo, anagula ali mnyamata kwa bwana amene anawaphunzitsa ntchito. Zipika anadula okha. Anali ndi mkazi, wosadalitsa ukwati koma mkazi ndithu, ndi khanda. Kenako unapezeka mwayi wa maphunziro a ukalaliki kutawuni. Anasiya makina, n'kulonjeza kuti akakhazikika adzawatenga onse.

"Ndinkati mwezi wamawa. Mwezi wamawa unakhala chaka. Kenako manyazi anakula kuposa msewu wobwerera."

"Manyazi," ndinatero. "Ndikufunseni chimodzi. Tsiku lija munalowa mu shopu yathu ndi buluku long'ambika m'thumba, n'kumandiseketsa mpaka ndinadzibaya ndi singano, mwanayo anali atabadwa?"

Anayang'ana pansi. "Anali akukwawa."

Awerengi, ndinapita kuja kukafuna mkazi wondilanda mwamuna. Apa ndinamva kuti wolanda ndinali ine, osadziwa. Panali mayi wina amene ankayang'ana kumsewu ndi mwana kumsana, ine ndikuyesa diresi la ukwati. Ndipo zaka zonsezi munthu ankandiitana kuti ndisinthe babu, kuopa kuti manja ake angamuulule.

"Mayi ake ali kuti?"

"Anamwalira chaka chatha. Mwanayo anandiuza yekha, pakhonde paja."

"Iye akudziwa kuti ndinu ndani?"

"Ayi."

"Ndiye mwezi wonsewu mumapita kukatani?"

"Nditaona chithunzi ndinawazindikira makinawo. Zipika zija. Ndinati ndikangoona. Atatsegula chitseko ndinaona nkhope ya malemu amayi anga." Anapukuta m'maso ndi tayi. "Tsiku lililonse ndimapita nditakonzeka kunena. Ndikafika, pakamwa pamatuluka za lamba. Ndipo ndikagula, mayi, ndidzapitanso kukatani kumeneko?"

Ndikanakhala munthu wina mwina ndikanalira nawo. Ine ndinalowa kuchipinda, n'kutenga pilo ndi bulangete lawo, n'kukaponya kuchipinda cha ana.

"Mawa mukanena. Mukapanda kunena inu ndikanena ine, ndipo mukafunse a hedi mmene ndimanenera zinthu pabwalo paja."

6

M'mawa mwake mphunzitsi uja tinamupeza akukulunga makapu m'manyuzipepala. Sanatipatse mpando, chifukwa mipando inali itamangidwa kale.

Amuna anga anavula chipewa. Anatsokomola. "Aphunzitsi, za makina aja, ndaganiza kuti lamba..."

Ndinawaponda phazi ndi chidendene.

Anapuma mozama. "Makina aja anali anga. Amene anasiya amayi ako ndi iwe uli khanda, ndine. Ndine bambo ako."

Mayiyo anamaliza kukulunga kapu imene inali m'manja, n'kuiika m'katoni, n'kutenga ina.

"Ndikudziwa."

Anapitiriza kukulunga, uku akulankhula.

"Amayi sankakutchulani. Atamwalira, mng'ono wawo ndi amene anandiuza kumene munkagwira ntchito. Ndinafufuza mpaka ndinapeza bambo wina wa pa gulu lanu la opuma, n'kumupempha kuti aike chithunzi chija. Sindinatsatse kwina kulikonse. Makina amenewa ankagulitsidwa kwa munthu mmodzi."

"Ndiye unkadziwa chiyambire?" ndinafunsa.

"Ndinkakayika pang'ono, chifukwa ankanamizira kugwira tchizulo ngati khasu. Dzulo pa sipanala paja kukayika kunatha." Anatembenukira kwa amuna anga. "Ndinafuna ndione ngati mubwera. Munabwera. Kenako ndinafuna ndione ngati munena. Munandiuza za lamba. Munandiuza za dzimbiri. Ndinakuuzani kuti amayi ankagona m'kashedi kulondera makina amenewa kuti akuba asatenge mota, inu munati, 'Pepani, moyo ndi wovuta,' n'kundisendera lalanje."

Amuna anga anagwada, mawondo akulira ngati chitseko.

"Dzukani," anatero mphunzitsiyo. "Muno si m'tchalitchi. Ndipo lero simunabwere nokha, mwachita kukokedwa. Ndaona phazi lija."

Anadzuka movutika, atagwira khoma. Palibe anawathandiza.

"Makina sindikugulitsani inu. Munawasiya kale kamodzi. Ndigulitsa kwa amayiwa."

"Ine?" ndinatero. "Amene ndinakutukwana?"

"Inu munabwera kamodzi n'kukhuthula zonse zimene zinali mumtima. Zinali zonyansa, koma zinali zenizeni. Ndi munthu wotero ndingathe kuchita naye malonda. Koma pali chimodzi. Munandinyoza mokuwa. Mawa ndikuchoka pano, ndipo sindikufuna kuchoka ndi dzina limene munandipatsa."

"Ndinene zonse?"

"Munene zanu. Zinazo ndi zanga, ndidzanena ndikafuna."

Sindinadikire kuti mtima undibweze. Ndinatuluka, n'kukaima pamalo pomwe paja. Anthu anali m'makonde, ena akuchapa, ena akukonzekera kutchalitchi. Atandiona, mayi wina anakokera ana ake m'nyumba.

"Tamverani nonse!" ndinakuwa. "Ndine nkhalamba ija inabwera kudzasanza pano. Ndinanama! Mayi wa m'nyumba umu sanatenge mwamuna wa munthu. Ndi munthu waulemu kuposa ine, ndipo ine ndi amene ndinasowa khalidwe. Amene munapititsa nkhani ija patsogolo, mupititsenso iyi, ndi liwiro lomwelo!"

A hedi anatulukiranso pa zenera lomwe lija. "Tamva, amayi," anatero. "Ngakhale a kuseri kwa msika amva."

Nditabwerera m'nyumba, mphunzitsi anali atatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Mpaka lero sindidziwa ngati ankaseka kapena ankalira. Anangonditambasulira nyuzipepala chakumbuyo. Ndinakhala pansi n'kuyamba kukulunga makapu.

7

Makinawo anabwera pa lole, amuna angapo akubuula nawo. Ali m'galaja mwanga, ndipo ndi anga. Amuna anga akafuna kusema amapempha. Masiku ena ndimalola, masiku ena ndimati mutu ukundipweteka, sindikufuna phokoso.

Ana ndinawaitana, koma wonena anali bambo awo. Mwana wathu woyamba, amene tsopano ndi wachiwiri, anatuluka osatsanzika ndipo anakhala nthawi osaimba foni. Wamkazi analira, kenako anafunsa ngati mkulu wakeyo amavala saizi yanji. Ameneyo anatengera ine.

Pilo uja anabwerera kuchipinda kwathu nyengo yozizira itayamba. Musaganize kuti ndakhululuka zonse. Ndikukhululuka ngati kusoka pamanja, pang'onopang'ono, ndipo masiku ena ndimasomola zimene ndinasoka dzulo.

Mphunzitsi amaimba foni Lamulungu masana. Amaimbira ine. Timakamba za sukulu yake yatsopano, za mawondo anga, za makatani amene ndinamusokera. Amandiitana kuti amayi, koma ankanditchula choncho ngakhale tsiku ndinamutukwana, ndiye sindidzinamiza. Akafuna kufunsa za amuna anga amati, "Nanga akuluwo?" Ndimati alipo, akudya, akudetsa galaja. Iwo amakhala ali pakhomo la khitchini, akunamizira kufuna madzi.

Amasema mbale n'kumamutumizira pa basi. Mphunzitsiyo sanayankhepo ngakhale imodzi. Sanabwezeponso ngakhale imodzi.

Lamulungu lapitali tinacheza monga mwa nthawi zonse. Nditati nditsanzike, anati:

"Amayi, ali pafupi?"

"Ali pano, akumwa madzi kachitatu."

"Tawapatsani."

Ndinawapatsa foni. Anailandira ndi manja awiri.

Tsopano ndilankhule nanu, akazi anzanga, ndi inu abambo amene mukuwerenga mobisa magazini ya akazi anu. Ena adzakuuzani kuti kukayikira n'koipa. Ine sinditero. Mphuno yanga sinaname, m'nyumba mwanga munali chinthu chowola ndithu. Kulakwa kwanga kunali kuthamangira kukakuwa pakhomo pa mwana wa eni ake, wonama nditamusiya kunyumba akumwa tiyi. Ukanunkhiza kanthu, yamba wafunsa amene umagona naye, ndipo usamusiye mpaka anene.

Inu abambo, ngati kwinakwake kuli mwana amene akukula ndi nkhope yanu, musadikire kuti achite kukutcherani ndi chithunzi. Malalanje si mawu. Pitani mukanene ndi pakamwa, mawondo akadalola kugwada ndi kudzuka.

Mukufuna kudziwa zimene anakambirana pa foni paja. Inenso ndikufuna. Ine amene ndinapisa m'matumba, ndinafufuza m'foni, ndinakwera basi monama kuti ndikukagula ulusi. Ndinaima pakati pa khitchini, khutu likuyabwa. Ndinamva amuna anga akuti, "Ndine, mwanangu," ndipo wa mbali inayo sanadule foni.

Ndinatuluka panja n'kutseka chitseko.